Kuphatikiza mawebusaiti: zomwe zimachitika keyala yakale ikasiyidwa

Boma la Chama, lomwe lili m'chigwa cha mtsinje wa Luangwa m'dziko la Zambia, lasamukapo kawiri m'zaka khumi popanda munthu ndi mmodzi yemwe kusenza katundu. Chakumapeto kwa chaka cha 2011, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, malemu a Michael Sata, anachotsa bomali m'chigawo cha Kum'mawa n'kuliika m'chigawo chatsopano cha Muchinga chomwe likulu lake ndi Chinsali. Pa 17 Novembala 2021, a Hakainde Hichilema analengeza kuti Chama yabwerera ku chigawo cha Kum'mawa chomwe likulu lake ndi Chipata.

Midzi ya Asenga a kwa Mfumu Chikwa, kum'mwera kwa tauni ya Chama, sinasunthe n'komwe. Minda ya mpunga ili pomwe inali. Chomwe chinasintha ndi keyala, komanso khomo lomwe munthu ayenera kugogoda akafuna thandizo. M'chaka chomwecho cha 2021, m'mwezi wa Seputembala, ulamuliro watsopano unaphatikizanso maunduna angapo. Unduna woona za sukulu za pulayimale ndi sekondale unaphatikizidwa ndi wa maphunziro apamwamba n'kukhala unduna umodzi wa zamaphunziro. Unduna wa zachuma unaphatikizidwa ndi wa mapulani a chitukuko. Nkhani za mafumu, zomwe zinali ndi unduna wakewake, zinapita ku unduna wa maboma aang'ono ndi chitukuko cha kumidzi.

Maofesi akaphatikizana, mawebusaiti awo nawonso amafunika kuphatikizidwa. Ntchito imeneyi siioneka ndi maso ndipo kawirikawiri siitchulidwa pa nkhani za pa wailesi, koma ikalakwika amene amavutika kwambiri ndi munthu wa kutali ndi mzinda. Wa ku Lusaka tsamba likakana kutseguka, amakwera minibasi n'kukafunsa ku ofesi. Mnyamata wa ku Chikwa yemwe wagula bandulo ya tsiku limodzi kuti apeze fomu yopemphera thandizo la sukulu alibe mwayi umenewo, makamaka m'dzinja pamene misewu ya m'chigwa imavuta. Zomwe anthu otere amafuna pa masambawa si zazing'ono. M'chaka cha 2022 thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo m'chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Zidziwitso za zinthu ngati zimenezi zimakhala ndi tsiku lotsekera.

Webusaiti iliyonse ili ndi dzina lake lomwe akatswiri amalitcha domain. Unduna wa sukulu za pulayimale ndi sekondale unkagwiritsa ntchito dzina lakuti moge.gov.zm, wa maphunziro apamwamba unali pa mohe.gov.zm, pamene unduna wophatikizidwawo unatenga edu.gov.zm. Mayina othera ndi .zm amayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA. Kale ntchitoyi inali m'manja mwa ZAMNET, kampani yomwe inayambira pa yunivesite ya Zambia ndipo inalumikiza dzikolo ku intaneti m'chaka cha 1994. Mayina a ku Malawi amathera ndi .mw, a ku Mozambique ndi .mz. Pansi pa dzina limodzilo, tsamba lililonse, fomu iliyonse ndi chithunzi chilichonse chili ndi keyala yakeyake, monga momwe nyumba za m'mudzi umodzi zilili ndi eni ake osiyanasiyana. Webusaiti ya unduna ikhoza kukhala ndi makeyala masauzande.

Anthu ambiri saloweza makeyala amenewa. Amangolemba mawu awiri kapena atatu mu Google n'kudina chomwe chabwera pamwamba. Pachifukwa ichi malo omwe tsamba lapatsidwa pa mndandanda wa zotsatira ndi chuma chenicheni. Tsamba lomwe lakankhidwira kumapeto kwa mndandanda lili ngati sitolo yomangidwa kuseri kwa phiri.

Kuti mndandandawo upangike, Google ili ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot yomwe imayendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kutsata malinki kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina ndi kusunga zomwe yawerenga m'kaundula. Munthu akafunsa funso, makina amasankha masamba m'kaundulamo ndi kuwandandalika potengera zizindikiro zambiri. Chizindikiro chomwe chinatchukitsa kampaniyi ndi PageRank, njira yomwe a Larry Page ndi a Sergey Brin anakonza ali ophunzira pa yunivesite ya Stanford asanakhazikitse Google m'chaka cha 1998. Ganizo lake ndi lodziwika kwa aliyense yemwe anakhalapo pa bwalo la milandu la mfumu. Linki yochokera pa tsamba lina imawerengedwa ngati mboni yoikira kumbuyo tsamba lomwe yaloza, ndipo mboni sizilemera mofanana. Mawu a nduna ya mfumu amamveka kuposa a mlendo wongodutsa. Momwemonso linki imodzi yochokera ku yunivesite kapena ku nyuzipepala yodziwika imaposa malinki ambirimbiri ochokera pa masamba omwe palibe amawakhulupirira. Masiku ano Google imaonanso zina zambiri, monga zomwe zalembedwa pa tsambalo, chinenero chake ndi dera lomwe wofunsayo ali, koma malinki akadali mbali ya chiweruzocho.

Vuto lagona pakuti mboni zonsezi zimaloza keyala, osati ofesi. Webusaiti ya unduna yomwe yakhalapo zaka khumi imakhala italozedwa ndi manyuzipepala, masukulu, mabungwe othandiza ndi malipoti a akatswiri. Dzina likangosintha, malinki onsewo amapitirira kuloza pa bwinja. Munthu akadina, amalandira uthenga wa nambala 404, kutanthauza kuti tsambalo silikupezeka, kapena lamya yake imangomuuza kuti yalephera kufika. Googlebot nayo ikapeza zomwezo kangapo imachotsa tsambalo m'kaundula, ndipo mbiri yonse yomwe linasonkhanitsa imapita nalo. Webusaiti yatsopano imayamba ngati mlendo wopanda womudziwa.

Mankhwala ake ndi chomwe akatswiri amachitcha redirect, kapena kuti kalozera. Ndi lamulo lalifupi lomwe limaikidwa pa seva, kompyuta yomwe imasunga webusaiti, lonena kuti aliyense wofunsa keyala yakuti atumizidwe ku keyala yakuti. Zimafanana ndi banja lomwe posamuka limasiya uthenga kwa mnansi kuti alendo azilozeredwa kumudzi watsopano, kusiyana kwake n'kwakuti kalozera sagona ndipo saiwala. Zonse zimachitika m'kuphethira kwa diso, moti wowerenga ambiri sazindikira n'komwe kuti wasamutsidwa.

Akalozera ali ndi manambala, ndipo nambala ndiyo imauza makina tanthauzo la msamukowo. Nambala 301 imanena kuti tsamba lasamukiratu, silidzabwereranso. Nambala 302 imanena kuti lachokapo kwa kanthawi chabe. Manambala awiriwa analembedwa kale m'malamulo a HTTP a m'chaka cha 1996, ndipo pambuyo pake anawonjezerapo 307 wa msamuko wa kanthawi ndi 308 wa msamuko wachikhalire. Kwa munthu wogwira lamya, onsewa amaoneka chimodzimodzi. Kwa Google ndi osiyana. Ikaona 301 kapena 308 imatenga keyala yatsopano kukhala yeniyeni ndipo imasamutsira kumeneko mbiri ya yakale. Ikaona 302 nthawi zambiri imapitiriza kuonetsa keyala yakale, poganiza kuti mwini nyumba abwerera. Pophatikiza mawebusaiti, woyenera ndi 301 kapena 308.

Kwa zaka zambiri akatswiri okweza masamba pa mndandanda ankakhulupirira kuti kalozera aliyense amadyako gawo la mbiri ya tsamba, ndipo ambiri ankatchula magawo 15 pa 100 alionse, nambala yochokera m'masamu oyambirira a PageRank. Mantha amenewa anachititsa eni mawebusaiti ambiri kuzengereza kusamuka ngakhale pamene kusamuka kunali kofunika. M'mwezi wa Julaye 2016, a Gary Illyes a ku Google analengeza kuti akalozera sakutayitsanso PageRank. Mawuwa anathetsa mkangano umodzi, koma ena anawamva molakwika ngati kuti msamuko ulibenso choopsa. Zomwe ananena ndi zakuti mlatho suthyoka. Sananene kuti mlatho uliwonse umafikitsa munthu komwe akupita.

Apa ndi pomwe ntchito yaikulu yagona, ndipo ndi yotopetsa. Keyala yakale iliyonse iyenera kulozedwa ku tsamba latsopano lofanana nayo, imodziimodzi. Chitsanzo cha unduna wa maphunziro apamwamba wa ku Zambia chikuonetsa chifukwa chake. Undunawo utathetsedwa mu 2021, ntchito zake sizinapite malo amodzi. Mayunivesite anapita ku unduna wa zamaphunziro, pamene sukulu za ntchito zamanja zinapita ku unduna watsopano wa tekinoloje ndi sayansi. Webusaiti imodzi yotere imakhala ndi masamba oyenera kulozedwa ku mawebusaiti awiri osiyana. Mtsikana wa ku Chikwa yemwe akufuna kudziwa za maphunziro a umakaniko kapena utelala, akatumizidwa ku tsamba la mayunivesite, watayika ngakhale kuti tsamba latseguka bwinobwino.

Njira yachidule yomwe ambiri amakopeka nayo ndi yoloza makeyala onse akale ku tsamba loyamba la webusaiti yatsopano. Imatenga mphindi zochepa ndipo uthenga wa 404 suonekanso, choncho bwana akayesa amakhutira. Koma zili ngati kutenga mlendo yemwe wafunsa nyumba ya mphunzitsi wamkulu n'kukamusiya pamsika. Google inachenjeza poyera kuti akalozera otere ikhoza kuwawerenga ngati soft 404, kutanthauza tsamba lomwe likunamizira kukhalapo pamene kulibe, ndipo zikatero mbiri ya masamba akalewo siwoloka. Ngati tsamba lakale lilibiretu lofanana nalo, n'kwabwino kulisiya linene zoona ndi nambala 404 kapena 410, pamodzi ndi mawu ofotokozera wowerenga komwe angafunse.

Vuto lina limabwera mabungwe akamasintha mayina kangapo. Anthu a ku Zambia akudziwa bwino mbiri zotere. Kampani ya lamya ya Celtel inasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Banki ya Finance Bank inagulidwa ndi Atlas Mara mu 2016, ndipo Atlas Mara ya ku Zambia nayo inagulidwa ndi Access Bank kumayambiriro kwa 2024, banki yomwe inali itatenga kale Cavmont mu 2021. Barclays inasanduka Absa mu 2020. Ku Malawi, Malawi Savings Bank inagulidwa ndi FDH mu 2015. Pa mbiri ngati zimenezi, n'kosavuta kuti keyala yoyamba iloze yachiwiri, yachiwiri iloze yachitatu, mpaka pakhale unyolo. Malangizo a Google amati Googlebot imatha kutsata akalozera okwana 10 motsatizana, koma amalimbikitsa kuloza molunjika komwe tsamba lili tsopano, ndipo ngati n'kosatheka, unyolowo usapitirire atatu. Chifukwa china sichikhudza makina ofufuzira n'komwe. Kalozera aliyense ndi ulendo wina wopita ku seva ndi kubwerako. Mumzinda kuchedwako sikumveka, koma kumene netiweki imagwira munthu ataimirira pachulu, ulendo uliwonse wowonjezera ndi mpata wina woti kulumikizana kuduke.

Tsono malo pa mndandanda amakhudzidwa motani zonse zikachitidwa bwino? Google yokha imavomereza kuti pa nthawi ya msamuko masamba amakwera ndi kutsika. Googlebot iyenera kuyendera keyala yakale iliyonse, kuona kalozera, kuyendera yatsopano, n'kusintha kaundula. Masamba otchuka amayenderedwa msanga, pamene osayendayenda anthu amadikira. Malinga ndi malangizo a kampaniyi, webusaiti ya msinkhu wapakati imatenga milungu ingapo kuti masamba ake ambiri asamuke, ndipo yaikulu imatenga nthawi yoposa pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini webusaiti yemwe wachita mantha pa mlungu wachiwiri n'kuchotsa akalozera kuti abwerere ku dzina lakale amasokoneza makina kawiri.

Kusamutsa webusaiti imodzi kupita ku dzina latsopano n'kosiyana ndi kuphatikiza awiri. Pa msamuko wamba, masamba ndi omwewo, changosintha ndi dzina, ndipo Google imangokopera zomwe inkadziwa kale. Pophatikiza, chomwe chabadwa ndi chinthu chatsopano chomwe makina ayenera kuchiyeza poyambira. A John Mueller a ku Google akhala akufotokoza kuti kuphatikiza kapena kugawa mawebusaiti kumatenga nthawi yaitali kuti kukhazikike kusiyana ndi msamuko wamba, komanso kuti zotsatira zake n'zovuta kuziloseratu. Palibe lamulo lakuti alendo a webusaiti yoyamba ndi a yachiwiri adzangowonkhetsedwa. Ngati mabungwe awiri a alimi a mpunga wa ku Chama anali ndi masamba awiri omwe ankaoneka onse pa tsamba loyamba la zotsatira, akaphatikizana amatsala ndi malo amodzi, ndipo malo enawo amatengedwa ndi wina. Phindu lake n'lakuti tsamba limodzi lotsalalo limanyamula mboni za onse awiri, choncho likhoza kukwera kuposa pomwe lililonse linkafika palokha.

Pachifukwa chomwechi Google imalangiza kuti mawebusaiti angapo asasamutsidwire ku malo amodzi pa nthawi imodzi, koma imodziimodzi, kudikira kuti yoyamba ikhazikike. Imalangizanso kuti tsiku losintha dzina lisakhale lomwelo losinthira maonekedwe, kalembedwe ndi dongosolo la masamba. Zinthu zikalakwika pa tsiku lomwe zonse zasinthidwa pamodzi, palibe angadziwe chomwe chalakwitsa. M'chida chaulere cha Search Console muli malo odziwitsira Google kuti webusaiti yasintha dzina, ndipo chidziwitsocho chimagwira ntchito masiku 180. Eni webusaiti amatumizanso sitemap, mndandanda wa makeyala atsopano, n'kukonza malinki a m'kati mwa masamba awo kuti asamadutsenso ku dzina lakale.

Ena poopa zonsezi amasankha kusiya mawebusaiti onse awiri ali moyo, nkhani zomwezo uku ndi uku. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Makina akapeza masamba awiri ofanana amasankha okha limodzi loti aonetse, ndipo sikuti nthawi zonse amasankha lomwe mwini wake akufuna. Choipa kwambiri n'chakuti pakapita miyezi, webusaiti imodzi imasiya kukonzedwa koma imapitirira kuoneka pamwamba chifukwa ndi yakale ndipo ili ndi mboni zambiri. Munthu amatsitsa fomu ya chaka chatha, amalipira kuti aisindikize, amayenda ulendo wa ku Chama, n'kukauzidwa pa ofesi kuti fomuyo inasintha.

Dziko lomwe linachita ntchitoyi pa mlingo waukulu ndi Britain. M'mwezi wa Okutobala 2012 boma la dzikolo linatsegula webusaiti imodzi yotchedwa GOV.UK, yomwe inalowa m'malo mwa Directgov ndi Business Link. Pofika kumapeto kwa 2014, mabungwe a boma oposa 300 anali atasamukira kumeneko, ndipo makeyala akale oposa 1.8 miliyoni anaikidwa akalozera. Nambala yachiwiriyo ndiyo ikuonetsa kukula kwa ntchito: panafunika anthu okhala pansi n'kumaona kuti keyala iyi ipite kuti. Nyuzipepala ya The Guardian inasamuka kuchoka pa guardian.co.uk kupita pa theguardian.com mu Julaye 2013. Twitter inasintha dzina kukhala X mu Julaye 2023, koma keyala ya twitter.com inayamba kulozera ku x.com mu Meyi 2024, patadutsa miyezi pafupifupi khumi. Google yomwe inachita zofanana. Mu Epulo 2025 inalengeza kuti mayina ake a m'mayiko osiyanasiyana, a mtundu wa google.co.zm, ayamba kulozedwa ku google.com, popeza kuyambira 2017 zotsatira zinkatengera kale dera lomwe wofunsayo ali, osati dzina lomwe walemba.

Funso lomwe limavutitsa osunga chuma cha mabungwe ndi lakuti dzina lakale lizilipiridwa mpaka liti. Domain sigulidwa kwamuyaya. Imachita kubwerekedwa, kawirikawiri chaka ndi chaka, ndipo kalozera amagwira ntchito pokhapokha dzina lakale likadali m'manja mwa mwini wake. Google imati akalozera akhalepo kwa nthawi yaitali momwe kungathekere, osachepera chaka chimodzi. Chaka chimodzicho ndi chokwanira makina, koma anthu amasunga keyala nthawi yaitali kuposa makina. Keyala yakale inasindikizidwa pa makalata, pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu, pa matumba a mpunga ndi pa makalendala. Inawerengedwa pa wailesi ndipo wina anailemba kuchikuto kwa kope. Ikuzungulirabe m'magulu a WhatsApp. Ndalama yolipirira dzina pa chaka ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wosindikizanso zonsezi, choncho bungwe lanzeru silisiya dzina lake lakale.

Palinso chifukwa cha chitetezo. Mayina othera ndi .gov.zm ndi a boma okha, munthu wamba sangawagule. Koma mayina othera ndi .com kapena .org, omwe mabungwe omwe si a boma, mipingo, makopaletivu ndi malo ogona alendo a m'chigwa cha Luangwa amakonda kugwiritsa ntchito, akapanda kulipiridwa amabwerera pamsika ndipo aliyense akhoza kuwatenga. Pali anthu omwe ntchito yawo ndi kusaka mayina otere chifukwa amabwera ndi mboni zake zakale. Ena amaikapo njuga kapena malonda achabechabe. Ena amamanga tsamba lofanana ndi lakale n'kulengeza ntchito zabodza, n'kumauza ofunsira kuti atumize ndalama pa lamya. Mchitidwewu unakula mpaka mu Malichi 2024 Google inauika pa mndandanda wa zinyengo zomwe imalanga. Chilango cha Google chimangochotsa tsambalo pa zotsatira, koma sichiteteza munthu yemwe walemba yekha keyala yomwe anaiona pa chikwangwani. Wotenga dzinalo amathanso kulandira makalata a imelo omwe anthu akutumizabe ku keyala yakale. Kalozera wa masamba sakhudza imelo. Imeneyo ndi ntchito ina yofunika kuikonza payokha, ndipo ndiyo imaiwalika kawirikawiri.

Kufa kwa malinki si vuto la mayiko osauka okha. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center la ku America yemwe anatuluka mu Meyi 2024 anapeza kuti masamba 38 pa 100 alionse omwe analipo mu 2013 sankapezekanso patatha zaka khumi, ndiponso kuti tsamba limodzi mwa asanu alionse a boma omwe anawaunika linali ndi linki yakufa. A Tim Berners-Lee, omwe anayambitsa World Wide Web, anali atachenjeza kale mu 1998 kuti keyala yabwino ndi yomwe siisintha, ndipo anati makeyala sasintha okha, amasinthidwa ndi anthu. Phunziro lomwe akatswiri amatengapo ndi lakuti keyala ya tsamba isamangidwe pa chinthu chomwe chingasinthe ndi chisankho, monga dzina la unduna kapena la chigawo. Tsamba la chipatala kapena sukulu ya ku Chikwa lomwe keyala yake inali ndi mawu akuti Muchinga likanafunika kusamuka mu 2021, pamene lomwe linangotchula Chama silikanasowa kalozera.

Nkhani ya Chama ikuonetsanso malire a kalozera. Iye amasamutsa munthu, koma sakonza zolembedwa. Malipoti ndi masamba ambiri olembedwa pakati pa 2011 ndi 2021 amati Chama ili ku Muchinga, ndipo panthawiyo ankanena zoona. Pophatikiza mawebusaiti, masamba otere akangokoperedwa momwe alili opanda deti, amaoneka ngati atsopano, ndipo makina amawapereka kwa wofunsa ngati nkhani ya lero. Izi zakula mphamvu kuyambira 2024 pamene Google inayamba kuika pamwamba pa zotsatira mayankho achidule olembedwa ndi makina, omwe amatengedwa m'masamba omwewo. Dera laling'ono limapwetekeka msanga chifukwa masamba olitchula ndi ochepa, moti limodzi lolakwika limalemera kwambiri. Dzina la Chikwa lilinso ndi tsoka lina lofanana ndi la Chikwawa, boma la kum'mwera kwa Malawi lomwe limatchulidwa pa masamba ochuluka zedi. Wofufuza amachita bwino kulemba Chikwa pamodzi ndi Chama.

Masamba a zinenero za m'dziko ndi omwe ali pa ngozi yaikulu pa nthawi yophatikiza. Omanga webusaiti yatsopano amaona kuchuluka kwa alendo posankha masamba oti asamutse, ndipo tsamba la Chinyanja lofotokoza za katemera wa ziweto kapena za kulembetsa feteleza limakhala ndi alendo ochepa poliyerekeza ndi la Chingerezi. Limasiyidwa, kapena limalozedwa ku la Chingerezi. Pa kaundula zimaoneka ngati palibe chatayika. Koma alendo ochepawo ndi omwe analibe kwina kopita, ndipo pa intaneti pomwe zolembedwa za Chinyanja ndi zochepa kale, osanenanso za Chisenga, tsamba limodzi likafa nthawi zambiri palibe lina lolowa m'malo mwake.

Mabungwe ang'onoang'ono ambiri a kumidzi alibe webusaiti, ali ndi tsamba la Facebook lokha. Kumeneko malamulo ndi ena. Facebook imalola kuphatikiza masamba awiri a dzina lofanana omwe akuimira chinthu chimodzi, ndipo otsatira a onse awiri amasonkhanitsidwa pamodzi, koma zolemba ndi zithunzi za tsamba lomwe lamezedwa zimafufutidwa. Zofunika ziyenera kusungidwa kaye ntchitoyo isanayambe.

Munthu wamba yemwe alibe webusaiti ali ndi njira imodzi yodzitetezera pa zonsezi, ndiyo kuwerenga keyala yomwe yaoneka pamwamba pa sikirini tsamba litatha kutseguka, osati yomwe anadina. Kalozera amagwiritsidwa ntchito ndi akuba omwe, ndipo linki yolembedwa dzina la unduna ikhoza kufikitsa munthu kwina. Mawu ofunika ndi omwe ali kumapeto kwa dzina, kachizindikiro koyamba kopendekera kasanafike. Keyala ya boma la Zambia imathera ndi gov.zm pamalo amenewo. Yomwe yalembedwa gov.zm pakati koma n'kuthera ndi .com kapena .xyz si ya boma, ngakhale itakhala ndi mbendera ndi chizindikiro cha nkhwazi. Kachithunzi ka loko kapena zilembo za https zimangosonyeza kuti uthenga ukuyenda mobisika pakati pa lamya ndi seva, sizinena kuti sevayo ndi ya ndani. Tsamba likasintha dzina mwadzidzidzi n'kuyamba kupempha nambala yachinsinsi ya ku banki kapena ya ndalama za pa lamya, munthu alitseke n'kukafunsa ku nthambi ya banki, ku khonsolo ya Chama kapena kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi.